KUCHOKERA KU MACHINJIRI: Mpira wa madzi ukuseweredwa popanda refa

Abale anzanga, sabata ino ndabwera ndi nkhani yonunkha. Amene mukuwerenga nyuzi ino muli pa mbale ya nsima yambani mwamaliza kaye, musambe m'manja, ngati madzi osamba m'manjawo alipo kwanuko.

Pa poloti imene ndimachita lendi kuno ku Machinjiri pali mabanja anayi, wachisanu ndine batchala wa kachipinda ka kumapeto. Tikawerenga ndi ana omwe timakwana anthu 19. Chimbudzi n'chimodzi, chokumba. Mpopi nawo ndi umodzi, ndipo uli ndi khalidwe la afiti poti umagwira ntchito usiku. Azimayi a papoloti amadzuka 2 koloko kukatchera ndowa, ndipo ukamva zigubu zikugundana panja umadziwa kuti lero kwagwa mwayi. Masiku ena ukautsegula umangoimba likhweru, kenaka zii. Zikatero azimayi amatsetsereka kupita kumunsi kudambo kumene kuli chitsime chokumba ndi manja, chopanda chivundikiro, m'mbali mwa kakhwawa kamene kamakathira mu Lunzu.

Mu February chimbudzi chathu chinadzadza. Sindifotokoza zambiri, amene munakhalapo pa lendi mukudziwa mmene zimakhalira, munthu kulowa ndi mantha ngati waitanidwa ku ofesi ya ahedi. Tinawauza bambo landilodi atabwera kudzatolera ndalama zawo. Anamvetsera bwinobwino dzanja lili pachibwano, kenaka anati: "Ana anga, opopa zimbudzi masiku ano akudula. Mukafuna ndiwaitana, koma mwezi wa mawa lendi ikwera." Palibe anayankha. Aliyense anazyolika ngati wataya singano.

Patapita masiku anayi kunagwa chimvula cha usiku. Cha m'ma 11 koloko ndinamva khasu kuseri. Nditasuzumira pawindo ndinaona anyamata awiri ali ndi tochi ya pafoni akugumula njerwa za kumunsi kwa dzenje. Ntchito yotsalayo inagwira ndi mvula. Kutacha chimbudzi chinali chopepuka ngati chatsopano, anthu papoloti akumwetulira, ndipo ine ndemwe, ndisaname, ndinalowamo ndi mtima woyamika. Komatu madzi sakwera phiri. Kuchoka pa dzenje lathu kukafika pachitsime chija ndinawerenga ndekha, ndinaponda mapazi 60 basi.

Sabata isanathe mwana wa mayi wina wogulitsa zitumbuwa kumunsiko, kamtsikana ka sitandade 2, kanayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza mpaka maso kulowa m'kati. Anakabereka usiku kuthamangira nako kuchipatala ndipo kanapulumukira dilipi. Ena papoloti pathu ankati ndi mango. Mango anatha mu January, abale.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba munali bwinobwino, koma mtima ndi umene unkandiluma, ndiye ndinati ndikanene. Ku ofesi yoyamba anandiuza kuti iwo amaona za madzi a m'mapaipi, chitsime ndi chimbudzi si zawo. Ku ofesi yachiwiri anati ndilembe kalata, nditchule nambala ya poloti ndi dzina la mwini wake, adzabwera galimoto ikadzapeza mafuta. Mlangizi wa zaumoyo wa kwathu kuno, munthu wabwino zedi woyenda pa njinga, anandithirira kolorini m'kabotolo nandiuza kuti iye mphamvu yake ndi yolangiza basi. Kwa amfumu anandikumbutsa mwaulemu kuti bambo landilodi ndi mzika, ine ndine wobwera. Ndinabwerera kunyumba nsapato zili matope okhaokha, kolorini m'thumba, kalata ija osalemba. Ndilembe dzina la landilodi kuti mawa ndipeze katundu wanga ali panja? Ndalama imene akonzi amandipatsa pa nkhani imodzi siikwana ngakhale wilibala yosamukira.

Usiku umenewo ndinaganiza za mpira. Tayerekezani Bullets ndi Manoma akumana pa Kamuzu Stadium, anthu adzadza mpaka pamipanda, koma refa palibe. Kapena tinene kuti alipo, koma refayo ndi mwini wake wa timu imodzi, ndi iye anasankha kochi, ndi iye waika mtengo wa pageti, ndiponso mukaona kuti chigoli chinali cha ofusayidi mukadandaule kwa iye yemweyo. Mungalipire pageti inu? Komatu umu ndi mmene takhala tikusewerera mpira wa madzi ndi zimbudzi m'dziko muno, ndipo pageti timalipira tsiku ndi tsiku poti madzi munthu sungawanyanyale.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1995, patangotha chaka chichitikire chisankho cha matipate, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Waterworks Act. Pansi pa lamulo limeneli pali mabodi asanu a madzi: ya Blantyre, ya Lilongwe, ndi zitatu za m'zigawo, kumpoto, pakati ndi kumwera. Maganizo ake anali abwino, kuti madzi a m'matauni aziyendetsedwa ngati bizinesi yodziimira, osati ngati dipatimenti yodikira thumba la boma. Koma olemba lamulolo anaiwala wezulo. Mwini wake wa mabodiwo ndi boma. Wosankha akuluakulu okhala m'mabodiwo ndi boma. Wovomereza mtengo wa madzi ndi nduna. Woona ngati bodi ikugwira ntchito bwino ndi unduna womwewo. Ndipo kasitomala amene wakhala ndi mbiri yosalipira mabilu, ngongole kufika mabiliyoni, ndi maofesi a boma lomwelo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti nzeru yoika refa tinali nayo kale. Mu 1998 lamulo linabala MACRA kuti iziyang'anira mafoni ndi mawailesi. Mu 2004 lamulo lina linabala MERA ya magetsi ndi mafuta. Mu 2018 ESCOM itapempha kukweza magetsi ndi 60 peresenti, MERA inachititsa misonkhano, anthu anakalankhula zakukhosi, ndipo pomaliza inaloleza 31.8 peresenti pa zaka zinayi. Mukhoza kunena kuti zinali zowawabe, eya, koma panali wina wotha kunena kuti apa pokha ayi. Ndiye taonani, foni ili ndi refa, petulo ali ndi refa, koma madzi amene amamwa ngakhale gogo wopanda foni ndi galimoto anasiyidwa m'manja mwa mwini timu.

Wina anandiuza mu minibasi kuti iwe mtolankhani sukudziwa, refa wa madzi alipo, ndi National Water Resources Authority. Zoona bungweli lilipo, linabwera ndi lamulo la Water Resources Act la 2013. Koma ilo limaona za madzi ali mumtsinje, m'nyanja ndi pansi pa nthaka, kuti ndani apatutse mtsinje, ndani akumbe mjigo. Bilu yanu, ndi maola amene mpopi wanu umatulutsa madzi, si nkhani yake. A Malawi Bureau of Standards analemba mmene madzi akumwa ayenera kukhalira. A John Kapito a CAMA akhala akukuwa pa wailesi zaka zambiri, ndipo kukuwa amakudziwa, koma wokuwa kumasitandi sapereka penate.

Mtengo wa madzi ukakhala m'manja mwa andale zotsatira zake mukuzidziwa. Umagona tulo zaka zingapo poti akuluakulu akuopa mavoti, uku mankhwala othira m'madzi, mapaipi ndi magetsi zikukwera, kenaka umadzadzuka kamodzi ngati wolumidwa ndi linthumbu. Mu November 2021 tinamva kuti madzi akwera ndi 52 peresenti tikaphatikiza mabodi onse. Chaka cham'mbuyo mwake, pa kampeni ya 2020, tinali titalonjezedwa kulumikiziridwa madzi mwaulere, manja tinawomba. Palibe anakweza chala kufunsa kuti paipi yaulereyo mudzadutsa chiyani ngati yakale yomwe ikuimba likhweru, kapena kuti wa lendi ngati ine apindula bwanji poti poloti si yanga.

Pano ndisakhale ngati wodana ndi a Blantyre Water Board, chifukwa ntchito imene anapatsidwa ndi ya Samisoni. Mzinda wa Kabula unamangidwa pamapiri, kutali ndi madzi ambiri. Bodiyi inayamba mu 1929 ndi kadamu ka Hynde, kenaka damu la Mudi, nthawi imene tauni inali ya anthu ochepa. Kuyambira mu 1963 madzi ambiri amene timamwa amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa chokwera mamita pafupifupi 800 kudzera pa Chileka. Malita 1,000 a madzi amalemera tani imodzi. Ndiye taganizani matani masauzandemasauzande tsiku lililonse akukankhidwa kukwera chitunda chonsecho ndi magetsi. N'chifukwa chake bilu ya magetsi imadya gawo lalikulu la ndalama za bodi, ndiponso n'chifukwa chake magetsi akavuta mipopi imauma. Mu January 2022 namondwe wa Ana atagumula Kapichira dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo anthu a m'tauni muno anakumva kuwawa kwake kawiri, mdima m'nyumba, ludzu pakhosi.

Enanso ndi machimo athu. Mukaima pa Luwanda n'kuyang'ana phiri la Ndirande mumaona dazi lokhalokha. Achikulire amatiuza kuti linali nkhalango, koma m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, mphepo ya demokalase ikuomba, anthu anamva ngati ufulu ndi nkhwangwa. Dothi lonse lija linakathera mu damu la Mudi. Mu 2019 kunabwera madzi a ku Likhubula, ku phiri la Mulanje, malita 20 miliyoni patsiku, pa ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku India, anthu a ku Mulanje atayamba akana kaye kuti madzi athu mukupita nawo kuti ife mitengo simunatibzalire. Zinathandiza ndithu. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda muno, osawerengera a m'mphepete amene amamwanso paipi yomweyo, ndipo kuno kwathu nyumba zikumera ngati bowa kulowera ku Mapanga.

Tsono gwirani mtima. M'zaka za m'ma 2022 malipoti ankaonetsa kuti pafupifupi theka la madzi amene bodi imapopa sililowetsa ndalama. Pa ndowa ziwiri zochoka ku Shire, imodzi imasowa panjira: mapaipi okalamba ophulika, mamita akufa, ndi akuba olumikiza usiku, ena mwa iwo a nyumba za mipanda yaitali. Magetsi okankhira ndowa yosowayo analipiridwa kale, ndipo amalipira ndi amene ali ndi mita yoona mtima. Apa ndi pamene refa amafunika. Bodi ikabwera kuti tikufuna kukweza, iye amati chabwino, tionetseni mabuku. Tikulolani pang'ono apa, koma pofika chaka chakuti madzi otayika akhale atatsika kufika pakuti, Machinjiri azilandira madzi maola akuti patsiku, paipi ikaphulika muzifika pasanathe masiku akuti. Mukalephera, chaka chamawa musabwere kudzapempha. Ndipo refa yemweyo amatembenukira ku boma n'kuliuza kuti lipirani mabilu anu. Bodi payokha singamuuze bwana wake mawu amenewo, ikufunanso ntchito.

Tsopano tiyeni tichite samu ya sitandade 5, poti ine ya Fomu 4 ndinaipeza movutikira. Bodi imawerenga madzi pa malita 1,000. Chigubu chathu chija ndi malita 20, ndiye kuti mu malita 1,000 muli zigubu 50. Tengani mtengo umene mumagulira chigubu chimodzi pa kiyosiki, muchulukitse ka 50. Kenaka tengani mtengo umene amakutchajani anyamata a wilibala ndi a kabaza tsiku limene kwauma, pamene chigubu chimakwera ngati dola ya pamsika wa mdima, muchulukitsenso ka 50. Mukatero pemphani bilu kwa mlamu wanu wogwira ntchito ya m'nyumba ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, muone kuti bwana wake amalipira zingati pa malita 1,000 omwewo, amene ena amathirira kapinga ndi kutsukira galimoto. Mukamaliza samuyo musatukwane, pali ana.

Palinso msampha wina umene a lendi ambiri sitiudziwa. Mtengo wa madzi a pa mita umakwera masitepe: malita oyambirira ndi otsikirapo, ukamagwiritsa ntchito ambiri mtengo umakwera. Cholinga chake n'chabwino, kuti wosauka wogwiritsa ntchito pang'ono alipire pang'ono. Koma pa poloti ngati yathu anthu 19 tili pa mita imodzi. Mita siidziwa kuti ndife mabanja anayi ndi batchala, imangoona ngati ndi bwana mmodzi wosamba kasanu patsiku, ndiye imatikweza sitepe ya pamwamba. Mwezi ukatha ndi mkangano papoloti, wina akuti inu muli ndi matewera, wina akuti inu mumachapa za ganyu. Chinthu choti munthu mmodzi wokhala ndi wezulo akanachikonza ndi cholembera.

Za makiyosiki ndiyamikeko pang'ono. Kale ambiri anali m'manja mwa makomiti a zipani ndi anthu odziwika m'dera, ndalama zinkalowa m'matumba, ngongole ku bodi n'kukula mpaka kiyosiki kudulidwa, azimayi n'kubwerera kumtsinje. Atabwera ma Water Users Association, monga ya Nkolokoti-Kachere kwa aneba athuwa, mothandizidwa ndi bungwe la Water For People, zinthu zinasintha, ngongole zinayamba kubwezedwa ndipo azimayi ambiri anapeza ntchito yogulitsa madzi. Koma funso langa lija silichoka. Mayi akaona kuti kiyosiki yatsekedwa nthawi yoti itsegulidwe, kapena ndowa ikuyezedwa mokondera, kapena mabuku a ndalama sakuoneka, akanene kwa yani amene sali wogulitsa kapena wogulitsa kwa wogulitsayo?

Ku madzi kuli bwinoko poti mwini timu amadziwika. Ku zimbudzi ndiye kulibe ngakhale bwalo. Mapaipi a suweji mumzinda muno amafika kwa munthu pafupifupi mmodzi mwa anthu 10, makamaka m'madera akale a mabwana ndi a mafakitale. Lamulo la 1995 lija linapereka suweji kwa mabodi a madzi, pamene malamulo a makhonsolo ndi a zaumoyo anaisiya m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ndipo kwa zaka zambiri inakhala mbuzi ya anthu awiri yogona panja. Wodutsa pa mlatho wa Mudi pafupi ndi msika wa Blantyre mwezi wa October safunika lipoti la akatswiri, mphuno imamuuza yokha.

Enafe asanu ndi anayi otsalawo tili pa dzenje. Kale dzenje likadzadza unkakwirira n'kukumba lina, n'kubzala nthochi pa lakalelo. Lero poloti yadzadza ndi timanyumba ta lendi, pokumba palibe. Opopa alipo, ena a galimoto, ena a kapampu ka pamanja kotchedwa gulper kamene kamalowa m'tinjira mosafika galimoto, ndipo ndi anthu ogwira ntchito yofunika kuposa ambiri ovala tayi. Koma mtengo ndi wokambirana pakhomo, ndipo zimene apopazo kuti zikafike kumalo ake oyenera pamafunika mafuta, pamene khwawa lili pafupi ndipo ndi laulere. Ndani amawerenga kuti poloti ya anthu 19 ikhale ndi zimbudzi zingati? Alangizi amaphunzitsa kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30 ndipo chikhale kumunsi kwake. Ndani anabwerapo ndi tepi kwanuko? Ndondomeko ya dziko ya madzi tinalemba mu 2005, ya ukhondo mu 2008, zonse zokongola. Kolera wa 2022 anatipeza tikugwiritsabe lamulo la zaumoyo la 1948, la atsamunda, Kamuzu asanabwerere n'komwe kumudzi.

Kolera ameneyo musamuiwale msanga. Anayambira ku Machinga mu March 2022 n'kufalikira dziko lonse. Anadwala anthu pafupifupi 59,000, anamwalira oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino. Mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe sizinatsegulidwe pa tsiku lake. Mu February kunakhazikitsidwa kampeni ya Tithetse Kolera, ndipo mu March namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche pa Chilobwe, kukokolola anthu, nyumba, mapaipi ndi zimbudzi zomwe. Nanga nthawi ya mliriyo amene anathamangitsidwa m'misewu ndani? Azimayi ogulitsa zakudya zophikaphika. Mayi wa zitumbuwa ndi amene amaoneka, ndiye ndi amene amagwidwa. Wogumula njerwa usiku saoneka.

Ndipo musaganize kuti izi ndi za ife a m'makomboni okha. Mu July 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe, a nyumba za mapulani, anatsegula mipopi n'kutuluka madzi osakanikirana ndi zonyansa za mu suweji. Panali mabungwe atatu, Lilongwe Water Board, khonsolo ya mzinda ndi Malawi Housing Corporation, ndipo zala zinkalozana uku ndi uku. Anthuwo anachita kupita kukhoti, nkhani n'kutenga zaka. Iwo anali ndi maloya. Mayi wa zitumbuwa uja loya wake ndi Mulungu.

Sitikufunika kukwera ndege kuti tikaone mmene ena amachitira, basi ya ku Mchinji ndi yokwana. Anzathu a ku Zambia anakhazikitsa lamulo la madzi ndi ukhondo mu 1997, ndipo mu 2000 bungwe la NWASCO linayamba ntchito. Kampani iliyonse ya madzi, kaya ya ku Lusaka kaya ya ku Chipata kumene amayankhula ngati ife, imatenga laisensi ku NWASCO, imalemba pansi kuti dera lakuti lizilandira madzi maola akuti, ndipo ikafuna kukweza mtengo imakapempha kumeneko. Chaka chilichonse NWASCO imatulutsa lipoti loika makampaniwo pa mndandanda ngati ligi, wa nambala wani mpaka wa kumchira, aliyense aone. Chimene chinandikomera kwambiri ine ndi ma Water Watch Group amene anayamba ku Lusaka mu 2002: anthu wamba a m'makomboni, odzipereka, opatsidwa mphamvu yolandira madandaulo ndi kuwatsata mpaka kampani iyankhe, ikapanda kuyankha nkhani imakwera kwa refa. Mu 2018 anawonjezera ndondomeko yoyang'anira zimbudzi zokumba ndi opopa omwe, atazindikira kuti anthu ambiri sali pa suweji. Mozambique nayo inaika refa wake mu 1998, Kenya ndi lamulo la 2002.

Ndikumva kale ena mukuti iwe mnyamata usatinamize, ku Zambia komweko kolera anavuta. Zoona. Mu January 2024 bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala cha kolera ndipo anthu mazanamazana anamwalira. Refa sakumba ngalande, sagula mapaipi, ndipo sangaletse anthu kumanga pa dambo. Enanso mukuti MERA yomweyo inatithandiza chiyani pamene tinkagona pa mizere ya mafuta mu 2024? Ndipo wina wanzeru akuti bungwe latsopano ku Malawi kuno ndiye kuti ma Prado atsopano, maalawansi ndi misonkhano ya ku Mangochi. Izinso sinditsutsa, ndine Mmalawi. Refa wosankhidwa ndi nduna Lolemba, wotha kuchotsedwa ndi nduna yomweyo Lachisanu, ameneyo ndi wonyamula chikwama chabe. Koma mpira ukavuta chifukwa refa ndi wokondera timafuna refa wabwino, sindinamvepo masapota akunena kuti tiyeni tizisewera popanda wezulo.

Ndalama zokha si yankho. Mu March 2023 World Bank inavomereza madola 145 miliyoni a ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Blantyre muno, ya mapaipi, magetsi a bodi ndi suweji. Tikuthokoza. Koma nthawi ya pulojekiti refa amakhala mzungu wobwera ndi laputopu kudzafunsa manambala, ndipo aliyense amayankha mwaulemu. Pulojekiti ikatha mzungu amakwera ndege pa Chileka, manambala aja osafunsidwanso.

Ndiye inu a phungu athu ndi a khansala, amene nthawi ya kampeni mumadziwa njira ya kudambo kuno ngakhale kuli matope, zimene ndikupempha si zambiri. Refa wa madzi ndi zimbudzi akhale woikidwa ndi lamulo, wofunsidwa mafunso ndi Nyumba ya Malamulo asanayambe ntchito, wosachotsedwa ndi foni ya usiku. Mtengo usanakwere abwere pa sukulu ya pulaimale kuno Loweruka masana, afotokoze m'Chichewa, azimayi a zigubu afunse. Pa kiyosiki iliyonse pakhomedwe mtengo ndi maola. Opopa zimbudzi akhale ndi ziphaso, mtengo wodziwika, ndi malo otayira apafupi kuti khwawa lisawakope. Ndipo chachikulu kwa ine, pakhale khomo limodzi, limodzi lokha, kumene wa lendi angakanene za landilodi popanda dzina lake kukafika kwa landilodiyo iye asanafike kunyumba. Bungwe la United Nations linanena mu 2010 kuti madzi ndi ukhondo ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu. Ine ufuluwo ndinauyendera maofesi awiri, mlangizi ndi amfumu, ndinabwerako ndi kabotolo.

Kamtsikana kaja kanachira, kakupita kusukulu, ndipo mayi ake amandipatsa moni tsiku lililonse ndikamagula zitumbuwa, osadziwa kuti usiku uja ndinali pawindo. Dzenje lathu layambanso kudzadza ndipo mitambo yayamba kusonkhana kumbali ya Chiradzulu. Njerwa zija ndinakaziona, anazibwezeretsa ndi dothi, osati simenti, kuti ulendo wina zisadzavute kugumula. Lamulungu lapitali tinakhala pansi papoloti, mabanja anayi ndi ine, ndipo tagwirizana kusonkha ndalama tiitane opopa tokha, tidzachotsere pa lendi ya mwezi uno. Bambo landilodi sitinawauze, ndipo wosankhidwa kukawauza ndine poti ati ndine wa sukulu. Mukaona danga lino mulibe nkhani sabata ya mawa mudziwe kuti ndikusaka nyumba. Amene muli ndi kachipinda ku Area 10 kapena cha ku Khama, ka chimbudzi chosadzadza, mundiuze kudzera kwa akonzi.